Galimoto Yoyera ya Amalume Ako

Asiyatu mwana wanga,

Eya, ndine wanthabwala. Amalume ako sananame pamenepo. Sukulu ndinaithawa ndili sitandade sikisi, nazonso sananame, ndipo ndikukhulupirira kuti aphunzitsi tsiku limenelo anadya bwino. Zoti mu helemeti yanga ya pasenja nkhuku imaikiramo mazira, nazonso n'zoona, ndipo ndi nkhuku yaulemu kuposa anthu ena amene ndawanyamulapo. Koma zimene ananena pomaliza masana aja akusamba m'manja, zoti "alamu, mwanayu akakafika kuntchito ali kumbuyo kwa njinga ya kabaza, anthu a ku Utale akamutenga ngati wogulitsa mandasi," zimenezo ndiye iyayi. Ndinakana pamphasa paja, ndikukananso papepala pano.

Iwe unangoyang'ana m'mbale ngati mpunga ukukuuza nkhani. Kenako unalowa kuchipinda kukalongedza, ndipo mpaka pano chitseko chili chitsekere. Ndiye ndati ndilembe. Ndikamayankhula pakamwa umayamba kuseka ndisanafike pamfundo, ndipo si mlandu wako, nkhope yangayi ndi imene inalakwika. Pepala lilibe nkhope. Ndakhala pakhonde, njinga ndaitsuka ili apo ikuuma padzuwa, ndiye uwerenge mpaka kumapeto, usadumphe. Malembawa akamakhota uzikumbukira kumene mwini wake analekezera.

Mawa ukukayamba ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Mwana wanga ine, alangizi! Ndauza siteji yonse ya Nsanama mpaka anzanga ayamba kundithawa. Amalume ako nawonso anyadira, koma kunyadira kwawo ndi kwa munthu amene anakalambira mu ofesi pa Machinga Boma. Akubwerekera galimoto yoyera kwa mnzawo, ibwera m'mawa kudzakutenga. Akupatsanso malamulo: ukafike pagalimoto, usamaseke ndi alimi, uziponyamo Chingerezi apa ndi apo, ndipo wina akafunsa za bambo ako uziti ali mu bizinesi ya thiransipoti. Thiransipoti! Ine amene ndimanyamula mbuzi pamiyendo.

Malo anga ndikuwadziwa. Pano ndi kwawo kwa mayi ako, ine ndine mkamwini, ndinabwera ndi kachikwama kamodzi ndi pakamwa. Mwini mbumba ndi amalume ako, ndipo pamene unali kukoleji anaima nafe, zimenezo sindidzaiwala ngakhale atamanditukwana m'mawa ndi madzulo. Koma pa nkhani yoti anthu amamumvera bwanji munthu wamng'ono amene wapatsidwa udindo, alamu anga aziyamba andifunsa ine. Iwo anthu ankawapeza atakhala kale kuseri kwa tebulo. Ine ndinatsogolera anthu ndilibe tebulo, ndilibe chitseko, aliyense akudziwa kumene ndimagona ndi chimene ndadya.

Za galimoto yoyera ndikuzidziwa chifukwa ndinaikwerapo. Iwe unali usanayambe n'kuyenda komwe. Nthawi imeneyo pasiteji panali njinga zopalasa zokhazokha, zamoto zisanabwere, ndipo anzanga anandisankha kukhala tcheyamani ndevu zisanakumane pachibwano. Sanandisankhe chifukwa cha nzeru, iyayi. Akuluakulu awiri ankalimbirana udindowo mpaka kufuna kumenyana ndi mapampu, ndiye anthu anati bola timupatse Wailesi, akalakwitsa tidzingomuseka. Wailesi ndi ine, dzina limenelo ukulidziwa, ngakhale umachita ngati sunamve akandiitana pamsika.

Mlandu wanga woyamba unali wa njira. Kuseri kwa msika kuli kamudzi kena kamene anyamata athu ankadutsamo pofuna chidule. Ankaponda nandolo wa eni, nkhuku n'kumafa, mpaka eni mudziwo anatopa n'kutseka njirayo ndi minga. Anzanga anati tcheyamani apite akakambirane. Ndinathamangira kwa ndani? Kwa amalume ako omwewa. Anandiuza mawu amene akuuza iwe lero, akuti munthu amalemekezedwa ndi mafikidwe. Anandibwereka jekete, tayi ndi nsapato zosongoka. Mwamwayi panali wogula nandolo wina amene ankalowera komweko ndi galimoto yoyera, ndiye ndinakwera kutsogolo, chigongono pawindo, ngati munthu woti kwawo kuli magetsi.

Mwana wanga, galimoto yoyera ikalowa m'midzi yathu ino imayankhula yokha isanaime. Imati ndabwera ndi chimanga, ndabwera kudzalemba mayina. Tisanatsike n'komwe, amayi anali atatulukira mbali zonse ndi matumba opanda kanthu, ena malichero, nthungululu ili pakamwa. Wina anathamangira kudimba kukaitana anzake. Anandibweretsera mpando wa ndalema wochokera kunyumba ya aphunzitsi. Ndisakunamize, zinandikomera. Ndinakhala, mwendo pamwamba pa unzake, ndinatsokomola ngati alamu anga, kenako n'kuimirira.

"Zikomo amayi ndi abambo. Ife tabwera pa nkhani ya minga imene mwatsekera njira ija."

Ndiye mayi wina amene ndinkamunyamulira matimati Lachisanu lililonse anasendera pafupi, n'kundiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kutayi.

"Aaa! Si Wailesi uyu? Iwe, mwini jekete imeneyi akudziwa kuti ili kuno?"

Anaseka mpaka ena kukhala pansi. Koma kuseka kutatha kunabwera mkwiyo, chifukwa anthu anasiya makasu m'munda kuthamangira matumba a mphepo. Mpando uja anausolola ndisanakhalenso. Galimoto inali itapita kale kukagula nandolo wake. Ndinabwerera wapansi, nsapato za amalume ako zili m'manja chifukwa zinkandiluma, ndipo kutacha tinapeza minga awonjezera.

Tamvera bwino apa, Asiyatu. Anthu aja sanakwiye chifukwa ndine wakabaza, ayi, ankandidziwa kale ndipo ankandikonda. Anakwiya chifukwa ndinafika wamkulu kuposa zimene ndinanyamula. Nditabwererako ndinapita panjinga yanga yopalasa, malaya anga omwe aja ong'ambika pakhwapa, anzanga awiri ndi makasu. Tinafunsa kuti eni ake, mukufuna njira idutse pati? Anatilozera m'malire mwa minda, tinalambula, nkhani n'kuthera pomwepo. Mayi wamatimati uja ndi amene anatipatsa thobwa, akundifunsabe za jekete.

Ndiye iwe mawa wanyamula chiyani? Feteleza ulibe. Makuponi ulibe. Mbuzi zogawa ulibe. Wanyamula za m'mutu mwako, kapangidwe ka manyowa, kabzalidwe, mmene angathanirane ndi mbozi za m'chimanga. Ukatsika m'galimoto yoyera, pofika madzulo Utale yense akhala atamva kuti kwabwera mayi wa bungwe. Mkuja galimotoyo idzakhala ili ku Machinga kwa mwini wake, iwe uli wapansi ndi fumbi m'miyendo, ndipo adzayamba kunong'onezana kuti galimoto amulanda, waba chiyani? Ena adzati katundu wathu wabisa. Udzayamba ntchito ndi mlandu umene sunapalamule. Ukafike pamsinkhu umene udzafikenso mkuja. Ndabwereza dala, ukafike pamsinkhu umene udzafikenso mkuja.

Nditachoka pa jekete ndinapita pa wezulo, chifukwa ine sindiphunzira kamodzi. Ndinaganiza kuti vuto langa ndi kuseka. Ndinagula wezulo ya mpira, ndinaikoleka m'khosi, n'kumanga nkhope. Munthu akandipatsa moni ndinkangogwedeza mutu. Anzanga anayamba kufunsana kuti kodi Wailesi yatha mabatire? Che Dauda, mdala amene anayamba kupalasa ine ndisanabadwe, anandiitanira pambali n'kundipatsa mizu ina yake yokulunga papepala.

"Mwanawe, ukaviike m'madzi umwe. Nkhope imeneyi ndaiona, ndi ya munthu wodzimbidwa."

Tsiku lina anyamata awiri anagwirana m'makolala chifukwa cha pasenja. Ndinati lero aona. Ndinaimba wezulo ija ndi mphamvu zanga zonse. Anaima pang'ono, onse anandiyang'ana, wina chakumbuyo n'kukuwa kuti "penate!" ndipo ndewu inapitirira anthu akuseka. Nkhope yobwereka ili ngati nsapato zobwereka, mwana wanga, imaluma mwini wake ndipo aliyense amaona kuti ukutsimphina. Iwe ndiwe munthu woseka, unatengera ine, pepa. Usakadziphe nkhope chifukwa amalume ako atero.

Ukufuna kudziwa chimene chinachititsa kuti ayambe kundimvera? Mzere. Pasiteji aliyense amadikira nthawi yake, woyamba kufika ndiye woyamba kunyamula, ndipo wodumpha mzere amaswera tsiku lonse osanyamula. Lamulo linalipo kale, koma matcheyamani akale linkawadutsa pambali iwo ndi anzawo. Ndiye Yusufu, mnzanga wa pamtima amene tinavinidwa limodzi, anatsomphola pasenja wa katundu wambiri nthawi isali yake. Anabwerako akuimba mluzu, akudziwa kuti tcheyamani ndi mnzake. Siteji yonse inangokhala chete kundiyang'ana ine. Ndinati, "Yusufu m'bale wanga, njinga yako lero yatopa, ipume." Ndinanena ndikuseka, koma ndinaitenga ndithu n'kuikhomera loko pamtengo wa mango wa pasiteji paja. Anandiyang'ana kudikira kuti nthabwala ithe. Sinathe. Yusufu sanandipatse moni mpaka mvula inagwa. Koma kuyambira tsiku limenelo ndikati basi, inkakhaladi basi, popanda wezulo. Wezulo ija ndi imene unkatisokosa nayo uli mwana.

Nawe Yusufu wako akukudikira ku Utale, sunamuone chabe. Mwina adzakhala mwini nyumba imene ukakhalemo. Mwina mayi amene adzayambe kukupatsa nkhuku n'kumakutcha mwana wake. Tsiku lidzafika loti musankhe munda wachitsanzo kapena woyamba kulandira kanthu, ndipo iye adzakuyang'ana ndi diso la "si ndife amodzi?" Anthu onse adzakhala chete ngati siteji ija. Pamenepo ndi pamene ntchito yako idzayambire, osati mawa. Nkhuku ulandire, ndi mwambo, ndipo uthokoze bwino. Koma mzere ndi mzere. Ukhoza kunena ukumwetulira, bola loko ukhome.

Tsopano za shedi. Ukadzadutsa pasiteji yathu udzafunse kuti shedi ya Wailesi ili pati, adzakulozera pamtetete pamene dzuwa limawotcha kwambiri. Anzanga ankadandaula za dzuwa ndi mvula, ine pofuna kuwomberedwa m'manja ndinaimirira n'kunena kuti mwezi uno usanathe pano pakhala shedi ya malata. Anawomba m'manjadi. Malata ndinalibe, amene akanandipatsa sindinkamudziwa, ndinangomva kukoma mawuwo akutuluka. Tinadula mitengo, inagona pamenepo mpaka chiswe chinaithokoza. Mpaka lero munthu akalonjeza zabodza pa Nsanama amati wamanga shedi ya Wailesi. Ine ndimaseka nawo, nanga nditani, dzina langa lili pachinthu chimene kulibe, ena alibe n'pomwe.

Koma iwe usamange shedi. Alimi adzakufunsa za makuponi, za mbewu, za mtengo wa thonje, zinthu zimene sizili m'manja mwako. Pakamwa padzayabwa kuti unene "tiona" kapena "zitheka," poopa kuoneka wochepa. Mawu awiri amenewo ndi ngongole ya pakamwa, mlimi saiwala, adzakukumbutsa ngakhale pamaliro. Unene kuti zimenezo si za ine. Kapena unene kuti sindikudziwa, ndikafunsa, ndidzakuyankhani Lachitatu. Ndiye Lachitatulo upite ndithu, ngakhale yankho lake likhale loti iyayi, ngakhale kukhale dzuwa la ku Balaka lija losungunula ndala za kumapazi. Munthu amene amabwera tsiku limene ananena, anthu amayamba kumusungira mpando okha. Lonjeza zazing'ono, Asiyatu. Zazing'ono, koma zizichitika.

China, anthu ali ndi masiku awo, iwe usanabwere analipo kale. Ine ndinaitanitsapo msonkhano waukulu wa siteji osafunsa munthu, ndinakonzekera mawu usiku wonse. Kufika, ndinapeza njinga zokhazokha zitatsamira pamtengo, eni ake onse ali kusadaka kumudzi wapafupi, akudya mpunga. Ndinaima pamenepo ndekha mpaka Che Dauda pobwerako anandifunsa kuti kodi njingazo zagwirizana nazo mfundo zanu? Ndiye usanaike tsiku, funsa. Lachisanu masana ukudziwa kale, koma kumene ukupitako Akhristu ndi ambiri, Lamulungu ndi lawo, ena Loweruka. Kuli tsiku la msika. Kukagwa maliro, pepala lako lipinde, mangira chitenje upite ukakhale ndi amayi anzako kusiwa. Usakalankhule za manyowa kumeneko, ukangokhala. Adzakumbukira kuti unabwera kuposa zonse zimene udzawaphunzitse chaka chimenecho. Mpango wako wa kumutu usauvule pofuna kusangalatsa munthu, ndipo iwenso usakanyoze za eni.

Pamodzi pokha amalume ako akhoza, ndipo usakawauze kuti ndavomera. Nthabwala ili ndi mano. Mnyamata wina watsopano pasiteji anagwa ndi mathireyi a mazira a kasitomala pakati pa msika, anadzuka ali chikasu thupi lonse. Ine pakamwa panga panathamanga, ndinati tamuonani Che Mazira. Likanachokera kwa wina aliyense dzinalo likanafa tsiku lomwelo. Koma linachokera kwa tcheyamani, ndiye linamera mizu, mpaka ana asukulu kumamukuwiza. Mnyamata uja anasamukira ku Liwonde. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti ukakhala ndi udindo pakamwa pako pamalemera, ngakhale iwe mwini ukudziona wopepuka. Ndiye seka, koma uzidziseka wekha, pamenepo mpata ndi waukulu. Mlimi akalakwitsa kubzala usamuchititse manyazi pagulu. Upite kumunda kwake muli awiri, ugwire khasu, umuonetse. Pagulu ukatchule zimene wakhoza.

Ndikudziwa chimene ukuopa, ngakhale sunanene. Ukuopa kuti ukaima kutsogolo kwa abambo a imvi amene akhala akulima iwe usanabadwe, wina adzati kamtsikana aka katiuza chiyani. Adzanenadi, usadabwe. Mwinanso wina adzafunsa ngati uli pabanja msonkhano uli mkati. Usakweze mawu, usalire, ndipo chonde usathawire ku Chingerezi, chifukwa ukatero adzadziwa kuti wabaidwa. Uwauze zoona, kuti inde abambo, munda mumaudziwa kuposa ine, ine ndabwera ndi kanthu kamodzi kokha, tiyese pamizere ingapo, kakakanika mudzandiseke. Wokalamba ukamupatsa ulemu wake woyenera, khutu amakubwereka.

Mawu amenewo sindinawapeke ine, ndi ako omwe. Wayiwala? Utabwera kutchuthi chaka chija unatiuza kuti tizibzala mbewu imodzi paphando, motalikana mwakutimwakuti, ndi manyowa ako onunkha aja unkapanga kuseri kwa khola. Ine ndinakuseka mpaka kugwira nthiti, ndinati mbewu imodzi ikasungulumwa imera bwanji? Mayi ako anati mwanayu sukulu yamupengetsa. Iwe sunakwiye. Unati, "Ababa, ndipatseni mbali imodzi ya munda. Sekani lero, tidzakumana pokolola." Unanena motsitsa, ukundiyang'ana m'maso, kenako unatenga chingwe chako n'kumapita. M'mawa uliwonse unkatipeza tikuyasamula iwe uli kale m'mizere. Pokolola ndinakhala chete ine Wailesi, zimene sizinachitikepo chibadwire. Anthu oyandikana nafe anayamba kubwera okha kudzafunsa kuti alangizi alipo? Nthawi imeneyo unalibe kalata ya ntchito, unalibe galimoto, unavala chitenje chakale cha mayi ako. Asiyatu ameneyo ndi amene apite ku Utale. Wina wa galimoto yobwereka ndi nkhope yomanga sindikumudziwa, ndipo alimi nawonso sakamufuna.

Ku ofesi nakonso kuli siteji yake. Ukapeza akuluakulu amene akhalitsa, ndipo poti ndiwe wamng'ono komanso wamkazi, ketulo idzayamba kuyenda yokha kulunjika kwa iwe. Tsiku loyamba upange tiyi, unaleredwa. Tsiku lachiwiri ufunse mwaulemu, ukumwetulira, kuti kodi lero ndi nthawi ya ndani? Mzere, mwana wanga, mzere. Pamsonkhano usakhale kumbuyo kwenikweni ngati wabwera kudzaperekeza wina. Usayankhule pa chilichonse ngati bambo ako, koma pa chimene waona ndi maso ako kumunda, yankhula, ndipo umalize chiganizo chako ngakhale wina atsokomole. Ukalakwitsa, nena wekha asanakutulukire. Ntchito ikayenda, tchula alimi amene anaigwira. Sudzachepa nazo.

Tsopano za thiransipoti zija. Ndaseka nazo masana, koma pano ndili ndekha ndikuuze, zandilowa. Osati chifukwa cha alamu anga, iwowo ndinawazolowera, akhala akundiyeza ndi maso kuyambira tsiku limene ndinabwera kudzafunsira mlongo wawo. Chandilowa ndi mutu wako uja unaweramira m'mbale. Ndinakubereka ndili mnyamata, mpaka lero anthu osatidziwa amati ndiwe mlongo wanga. Tinakula limodzi, tinganene choncho. Njinga imene akuinyozayo, yopalasa ija ndi yamotoyi, ndi imene inkakutengera kusukulu mvula ikugwa, iwe utabisala m'jekete yanga ya pulasitiki ukuimba. Sindikuwerengera, iyayi, unali udindo wanga ndipo ndinkaukonda. Ndikungoti sindinabe, sindinapemphe, ndipo sindikuona chobisa.

Komanso taganiza ngati mlangizi, osati ngati mwana wanga. Ife akabaza tili ngati udzudzu, kulibe kumene kulibe. Anyamata a pasiteji ya ku Utale sabata isanathe adzakhala atadziwa kuti mlangizi watsopano ndi mwana wa Wailesi wa ku Nsanama. Ndiye iwe udzakhala utanena kale za bizinesi ya thiransipoti. Alimi adzati, ngati anabisa bambo ake omubereka, nanga za ife adzabisa zingati? Koma ukanena wekha mutu uli m'mwamba kuti bambo anga ndi akabaza, mayi anga amalima nandolo, palibe amene adzakhale ndi mwala wokugenda nawo. Iwonso ana awo ndi akabaza, ndi ogulitsa mandasi amene amalume ako akuwanyozawo. Adzakuyang'ana n'kuona kumene mwana wawo angafike.

Ndiye nkhani ili apa. Galimoto yoyera ifika m'mawa tikangochoka kumzikiti. Njinga yanganso ili apa, ndaitsuka, mafuta ndathira, tcheni ndamanga. Ulendo wake ukuudziwa, kudzera pa Liwonde, kuwoloka Shire, kenako fumbi. Ukafika utatuwa, zimenezo sindikubisira, ndipo chikwama chako chachikulu chija tidzachita kumangirira ndi malamba ngati thumba la makala. Sindikukakamiza. Ndiwe wamkulu, mawa anthu ayamba kukutcha alangizi, ndiye chisankho choyamba cha ntchito yako chikhale chako, osati cha ine kapena cha amalume ako. Ukasankha galimoto, chikwama ndikakweza ndekha, ndidzakubayibitsa, ndipo zonse ndalemba apazi zidzakhalabe zako.

Koma ziwiri izi udziwiretu. Kwa alamu anga sindipepesa, ndipo wa thiransipoti sindidzakhala, ngakhale pa ukwati wako. Chachiwiri, ukakwera njinga yanga usadzandiuze kuti ababa nditsitseni pano ndiyenda ndekha, titatsala pang'ono kufika. Iyayi. Ine pasenja wanga ndimamufikitsa pakhomo. Ndikakuimika pakhomo pa ofesi penipeni, anthu akuona, ndikamasula chikwama, ndikapereka moni kwa akuluakulu ako ngati munthu, basi n'kutembenuka. Nthabwala ndikazisiya pa mlatho wa Liwonde, ndikazitenga pobwerera. Limeneli ndi lonjezo laling'ono, si shedi, ndikhoza kulikwanitsa, ngakhale mayi ako atamva aseka mpaka kutsamwa.

Allah akutsogolere, mwana wanga, akupatse khutu lalitali ndi msana wolimba. Uzidya. Uziimba foni ngakhale ulibe nkhani, nkhani ndidzakhala nazo ine.

Ndimafuna ndilembenso za agalu a m'midzi ya eni, chifukwa pamenepo ndili ndi mbiri yaitali ndi chipsera pakatumba, koma chitseko chako ndamva chatseguka, ndipo mwakhala mukunong'onezana ndi mayi ako kuseri kwa nyumba. Pano mayi ako aima kutsogolo kwangaku ndi beseni ndi sopo, dzanja lina lili m'chiuno, ndiye ndingolemba mawu awo mmene atulukira:

"Inu abambo a Asiyatu, tasiyani zolembalembazo. Mwana akuti kachotseni nkhuku yanu mu helemeti muja, akufuna aitsuke dzuwa likadalipo."